Dongo Lokha Silipirira Moto: Mbiri ya Luso Losakaniza Dothi kwa Mavwere

Aliyense amene analimapo pa bwinja m'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere, m'boma la Mchinji, akudziwa kuti khasu silichedwa kugunda phale. Ambirife timangoliponya kumphepete kwa munda n'kupitiriza kuunda mizere. Koma mutalitola n'kuyang'anitsitsa pomwe linaswekera, mupeza kuti mkati mwake si dongo lokhalokha. Muli timiyala ta mchenga, muli tinthu tonyezimira, ndipo nthawi zina muli tizibenthu ta phale lina lakale kuposa ilo. Zina mwa izi zinachokera nazo ku mtapo, koma zina mayi amene anaumba mphikawo anachita kuthiramo dala. Iye ankadziwa kuti dongo lokha, ngakhale likhale lonanda chotani, silipirira moto.

Lero m'mayunivesite ndi m'mafakitale akuluakulu muli akatswiri amene ntchito yawo ndi kuthira ufa wa miyala, ufa wa zitsulo kapena ulusi mu pulasitiki, mu labala ndi mu simenti. Akufuna kuti chopangidwacho chilimbe, komanso kuti kutentha kuziyenda mkati mwake mmene iwo akufunira. Mafunso amene amawasowetsa tulo ndi akuti tithiremo chiyani, chochuluka bwanji, ndipo tisakanize motani. Mafunso amenewa si achilendo kwa Mavwere. Amayi ndi abambo a m'madambo a pakati pa mitsinje ya Namitete ndi Bua akhala akulimbana nawo kuyambira kalekale.

Akafula ndi alendo obwera ndi mbiya

Makolo amasimba kuti m'dziko muno anapezamo anthu aafupi otchedwa Akafula kapena Abatwa. Anali alenje ndi otola zipatso, ndipo zida zawo zinali za miyala, mitengo ndi mafupa. Anasiya zojambula zofiira m'mapanga, monga za ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mbiya sizinali mbali ya moyo wawo, popeza munthu wosamukasamuka sayenda ndi katundu wolemera ndi wosweka.

Cha m'ma 300 kunafika anthu ena olima, osula zitsulo ndi oumba. Mapale awo anafukulidwa ku Nkope m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, kumene Keith Robinson anakumba m'zaka za m'ma 1960, ndipo mtundu wa mbiya zimenezi umatchedwa ndi dzina la malowo. Kuno kumadzulo, David Phillipson anapeza mapale ofanana nawo pamodzi ndi zotsalira za chitsulo ku Kamnama, kumpoto kwa Chipata ku Zambia, pafupi ndi malire. Choncho chigawo chino cha pakati pa nyanja ndi mtsinje wa Luangwa, mmene muli Mchinji, chinadziwa moto wa woumba ndi moto wa wosula pa nthawi imodzi. Miphika ya anthu oyambawa inali yochindikala, ya milomo yokhuthala ndi yolembedwa mizere.

A Banda, a Phiri ndi mtapo wa amayi

Mbiri ya pakamwa imati Achewa anachokera ku Malambo, m'dziko la Aluba ku Congo. Oyamba kufika anali a Banda, eni mvula, amene kachisi wawo anali ku Kaphirintiwa ndipo kenaka ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama, pansi pa wansembe wamkazi Makewana. Pambuyo pake anafika a Phiri motsogozedwa ndi Kalonga, n'kumanga likulu ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka. Yusuf Juwayeyi atakumba pa Mankhamba anapeza mapale ambirimbiri a mtundu wotchedwa Mawudzu, pamodzi ndi mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zibenthu za mbale zochokera ku China. Mbiya za nyengo imeneyi zinali zopyapyala ndi zosalala kuposa za ku Nkope. Kuumba mphika wopyapyala koma wosasweka pa moto si ntchito ya mwana, ndipo zikusonyeza kuti oumba anali atazama pa kasakanizidwe ka dothi.

Undi, wa banja la Kalonga, atasemphana ndi abale ake pa za ufumu anasamukira kumadzulo, ku Mano, m'dziko lomwe lero ndi Mozambique. Maufumu ena, monga wa Mkanda, anakhazikika m'chigawo chino cha Mchinji. Mabanja ankafalikira m'mbali mwa madambo, kufuna madzi, nthaka ya chonde ndi dothi loumbira.

Pali chinthu chimodzi m'chikhalidwe cha Achewa chimene chinasunga luso limeneli. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna ndiye amasamuka, mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake. Motero mtsikana ankakulira pafupi ndi mtapo womwe agogo ake ankakumba, ndipo ankakalambira pomwepo. Ankadziwa kuti dothi la pa dambo lakuti ndi lamafuta, limafuna mchenga wambiri, pomwe la kutsidya lili kale ndi timiyala take, limangofuna kupondedwa. Nzeru yotere siinyamulika ngati mtolo, chifukwa mtapo uliwonse uli ndi khalidwe lake. Inasungika chifukwa eni ake sankachoka.

Ntchito ya woumba

Dothi likabwera ku mtapo ankalisunga lonyowa masiku angapo. Kenaka woumba ankalisinja kapena kuliponda, akuchotsa mizu ndi miyala ikuluikulu. Likakhala lonanda kwambiri ankathiramo mchenga kapena mapale akale osinja mpaka zala zake zitamva kuti lakwana. Muyeso unali m'manja. Ankamanga mphika pa phale, akukweza khoma pang'onopang'ono, akusalaza ndi chitsononkho ndi chigoba cha nkhono, ndipo ukayamba kuuma ankaukulungiza ndi kamwala kosalala. M'madera ena ankapaka mwala wakuda wonyezimira wa graphite pamodzi ndi dothi lofiira. Mphika unkauma pa mthunzi, osati padzuwa, kenaka n'kuwotchedwa ndi makungwa ndi nkhuni pa mtetete.

Chifukwa cha zonsezi n'chomveka. Dongo likamauma limanyala, ndipo lokhalokha limanyala kwambiri mpaka kung'aluka. Mchenga ndi mapale osinja sizinyala, choncho zimaligwira ngati mafupa m'thupi, n'kutsegula tinjira totulukira chinyezi. Pa moto, madzi omangika mkati mwa dongo amachoka kutentha kukafika madigiri a pakati pa 500 ndi 600, ndipo kuyambira pamenepo dothi silingasungunukenso m'madzi. Pa madigiri 573 timiyala ta mchenga timafufuma mwadzidzidzi, n'kunyalanso moto ukamazilala. Izi zimasiya timing'alu tosaoneka ndi maso mozungulira kamwala kalikonse. Mng'alu waukulu ukayamba kuyenda m'khoma la mphika umagunda kamwala, umakhota, n'kutha mphamvu usanafike patali. N'chifukwa chake mphika wa mchenga umapirira kutenthedwa ndi kuzizira tsiku ndi tsiku. Mapale osinja amaposanso mchenga pa ntchitoyi, popeza anapsa kale ndipo amafufuma mofanana ndi dongo lowazungulira.

Koma mchenga ukachuluka mphika umafumbutuka, umadontha, ndipo sumachedwa kusweka ukagundidwa. Apa ndi pomwe panagona luso: kupeza malire pakati pa kuchepa ndi kuchuluka. Ndipo malirewo ankasintha malinga ndi ntchito ya chiwiya. Mphika wa ndiwo ndi nkhali ya nsima zinkafuna khoma lopyapyala ndi lotsendereka kuti moto ulowe msanga, ndi tako lozungulira kuti kutentha kufalikire mofanana pa mafuwa. Mtsuko unkafuna timabowo tosaoneka kuti uzichita thukuta, chifukwa thukutalo likamauma ndi mphepo madzi a mkati amazizira. Mbiya ya mowa ndi mkhate zinkafuna mphamvu yonyamula. Mayi mmodzi, mtapo umodzi, koma kasakanizidwe kosiyana.

Ntchitoyi inali ndi miyambo yake. Munthu "wotentha" sankaloledwa kufika ku mtapo kapena pamalo owotchera, poopa kuti mbiya zingasweke. Miyamboyi inkachititsa kuti ntchito igwiridwe modekha, mwaulemu, ndiponso ndi anthu odziwa.

Ng'anjo: dothi lotsekera moto

Pamene amayi ankafuna dothi lolowetsa moto, abambo osula ankafuna dothi loutsekera. Ng'anjo inali chiphaka chachitali cha dothi, nthawi zambiri la pachulu, chomangidwa kutchire kutali ndi mudzi. Munkathiridwa makala ndi miyala ya chitsulo yokumbidwa mu lubwe, ndipo mpweya unkalowa kudzera m'mapaipi a dothi ozungulira pansi. Kuti chitsulo chilekane ndi zinyalala zake pankafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,200 kwa maola ambiri. Khoma linkayenera kukhala lochindikala, ndipo m'madera ambiri ankaponderamo udzu. Udzuwo unkamanga dothi likamauma, ndipo ukapsa unkasiya timphako ta mpweya. Mpweya wotsekeredwa suyendetsa kutentha, choncho moto unkakhala mkati. David Killick, amene anafufuza ng'anjo za ku Kasungu m'zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi madoda amene anaziona zikugwira ntchito, anasonyeza kuti ng'anjo zazitalizi zinkakoka mpweya zokha popanda mvukuto. Makasu, nkhwangwa ndi mikondo ya m'chigawo chino zinkachokera mmenemo, ndipo ena amati dzina la ufumu wa Kalonga loti Maravi linachokera ku malawi a ng'anjo owala usiku.

Nyengo ya nkhondo

Mu 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi pa tsiku la kadamsana. Patapita zaka, cha m'ma 1870, mwana wake Mpezeni anakhazikika kufupi ndi komwe lero kuli Chipata, ndipo nkhondo zake zinagwedeza ufumu wa Mkanda ndi midzi ya Achewa ya m'chigawo chino. Ena anathawira kumapiri, ena anagonja n'kukhala pansi pa mafumu a Chingoni, ena anadzitchinga ndi malinga a dothi. Dothi linasanduka chishango. Mkati mwa malingamo nyumba zinali zozungulira, za mitengo yozika ndi nsungwi kapena mabango, zomata ndi dothi loponda pamodzi ndi udzu. Paja akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Dothi limapirira kupsinjidwa koma silipirira kukokedwa, udzu umapirira kukokedwa koma suima wokha. Zikaphatikizana zimapanga khoma lomwe limasunga kuzizira m'mwezi wa Okutobala ndi kufunda m'mwezi wa Juni. Nkhokwe nazonso zinkamatidwa chimodzimodzi, ndipo pansi pa nyumba amayi ankazira ndi tsiro.

Chikombole ndi safuliya

Mu Januwale 1898 asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wake Nsingo anaphedwa. Azungu anamanga linga lawo lotchedwa Fort Manning, lomwe ndi boma la Mchinji lero. Amishoni anafika nthawi yomweyo: a Dutch Reformed anatsegula Magwero kutsidya kwa malire mu 1899, ndipo ansembe a White Fathers anakhazikitsa Kachebere mu 1903. Iwowa anabwera ndi chikombole ndi uvuni. Ku Blantyre tchalitchi cha St Michael and All Angels chinali chitamangidwa kale pakati pa 1888 ndi 1891 ndi njerwa zoumbidwa pamalopo. Anyamata ophunzira ku mishoni anatenga luso la njerwa n'kupita nalo kumidzi, ndipo nyumba za ngodya zinayi, za zidina kapena za mdindo, zinayamba kulowa m'malo mwa zozungulira. Woumba njerwa anakumana ndi phunziro lomwe lija la amayi: makande okha amang'aluka, mchenga ukachuluka njerwa imafumbutuka.

Msonkho wa nyumba unatumiza amuna ku Halale ndi ku Joni. Pobwera ankanyamula njinga, mabulangete, mapoto ndi masafuliya. Makasu a m'sitolo anachuluka, ndipo pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zinali zitazima. Mbiya zinalimbikira, koma mpikisano unali waukulu. Aluminiyamu imayendetsa kutentha kuwirikiza ka 200 kapena kuposa poyerekeza ndi dothi lowotcha, ndi yopepuka, ndipo siisweka ikagwa. Komabe safuliya imazizira msanga monga imatenthera msanga, ndipo imapsereza. Mpaka lero amayi ambiri amanenetsa kuti nyemba ndi nkhwani wotendera zimakoma mu mphika wa dothi, umene umagwira moto pang'onopang'ono n'kuusunga.

Mitengo itayamba kutha

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Mchinji inasintha mofulumira. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka, ndipo njanji yochokera ku Lilongwe inafika mu 1980. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, ndalama za fodya ndi mtedza zinayamba kusanduka nyumba za njerwa zootcha ndi malata. Mauvuni anamera m'mbali mwa msewu wa Lilongwe ndi Mchinji. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 602,305 m'bomali. Zigafa, mauvuni ndi mafuwa zonse zinkadya nkhalango imodzi, ndipo ulendo wa amayi wokatola nkhuni unkatalikirabe.

M'zaka zimenezi kunayesedwanso matailosi ofolera a simenti yosakaniza ndi ulusi wa khonje. Poyamba ulusiwo unkalimbitsadi, koma simenti ndi yaukali, ndipo pakapita zaka imadya khonje mpaka denga n'kuyamba kusweka. Phunziro lake ndi lakuti sikokwanira kuti chothiramo chikhale cholimba. Chiyenera kugwirizana ndi chimene chikuchilandira.

Vuto la nkhuni ndilo linabwezera ulemu kwa oumba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Mulanje kunapangidwa mbaula ya dothi yotchedwa Chitetezo, mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ. Mbaulayi imatchinga mphepo, imasonkhanitsa moto pansi pa mphika, ndipo ikagwiritsidwa bwino ntchito imapulumutsa pafupifupi mtolo umodzi pa mitolo itatu iliyonse. Mu 2013 boma linalonjeza kuti pofika 2020 m'dziko muno mudzakhala mbaula zamakono 2 miliyoni, ndipo magulu oumba, ambiri a iwo amayi, anabadwa m'maboma ambiri. Mbaula ndi mdzukulu wa ng'anjo. Ntchito yake ndi kutsekera moto kuti upite ku mphika, osati kutayikira m'mbali. Pa mbaula zazikulu za m'masukulu amagwiritsa ntchito njerwa zosakaniza ndi utuchi, umene umapsa mu uvuni n'kusiya timphako. Utuchi ukachuluka njerwa imatsekera bwino moto koma imafooka. Malire aja abweranso.

Mu 2018 bungwe loona za zomangamanga la NCIC linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za malonda. Izi zinakweza mabuloko a simenti ndi njerwa zotsendera pa makina, zomwe ndi dothi losefa losakaniza ndi simenti pang'ono, kawirikawiri yosapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi. Mmisiri amene amaba simenti kapena kusakaniza mwaulesi amadziwika mvula yoyamba ikagwa.

Funso lomwelo m'mayiko a kutali

Kunja, nkhani imeneyi inatsata njira yake. Mu 1907 Leo Baekeland anapanga pulasitiki yotchedwa Bakelite, yomwe inali yosweka msanga mpaka ataithira ufa wa matabwa. Patangopita zaka zochepa opanga matayala anapeza kuti mwaye wapadera wakuda ukathiridwa mu labala, tayala limakhalitsa ndipo limataya bwino kutentha. N'chifukwa chake tayala la njinga ya kabaza ndi lakuda. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera ulusi wa galasi, ndipo m'ma 1960 ulusi wa kaboni, womwe lero umapanga mbali yaikulu ya ndege zamakono. Mu 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov ku Manchester anasenda graphite mpaka kupeza kachikopa kamodzi kopyapyala kotchedwa graphene, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2010.

Vuto lalikulu masiku ano ndi kutentha. Foni, babu la LED, batire ndi zipangizo za sola zimatentha mkati, ndipo kutenthako kukapanda kutuluka zimafa msanga. Pulasitiki imayendetsa kutentha mochepa pafupifupi ka 1,000 poyerekeza ndi aluminiyamu. Choncho akatswiri amaithira ufa wa alumina, wa boron nitride kapena wa graphite. Zimene apeza woumba mbiya angazimve mosavuta. Tinthu tothiramo tiyenera kukhudzana kuti tipange njira yodutsa kutentha, ngati miyala yowolokera pa mtsinje. Tikachuluka, chinthucho chimauma gwa n'kumasweka. Tikaundana malo amodzi chifukwa chosasakaniza bwino, pamenepo ndi pomwe mng'alu umayambira. Tikapanda kumamatirana ndi pulasitiki, mpata wotsalawo umatsekereza kutentha ndi kufooketsa chinthucho. Komanso graphite imayendetsa kutentha kwambiri motsata utali wa timasamba take kuposa modutsa, choncho pamafunika kutigoneka moyang'ana kumene kutentha kukuyenera kupita, monga mmene dzanja la woumba limagonekera dothi motsata khoma la mphika.

Graphite imeneyi ili pakhomo pathu. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe loyandikana ndi Mchinji, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inapeza mgodi wa rutile ndi graphite umene uli m'gulu la ikuluikulu pa dziko lonse, ndipo kampani ya Rio Tinto inagulamo gawo mu 2023. Mwala womwe agogo athu ankakongoletsera miphika ndi umene mafakitale a mabatire ndi a zamagetsi akuusakasaka.

Kwa ife a lero

Oumba akuchepa. M'misika ya m'mbali mwa msewu, monga ku Namitete ndi ku Waliranji, ndowa za pulasitiki zachuluka kuposa mitsuko, ndipo atsikana ambiri sadziwa kumene kuli mtapo wa mudzi wawo. Mayi wokalamba akamwalira asanaphunzitse wina, muyeso umene unali m'zala zake umalowa naye m'manda. Madzi akatayika sawoleka.

Pempho langa likupita kwa mafumu, kuti ateteze mitapo monga amatetezera manda ndi madambwe. Likupita kwa aphunzitsi a sayansi, kuti pophunzitsa za kutentha ayambe ndi mtsuko, mphika ndi mbaula zimene ana amaziona kwawo. Likupitanso kwa ophunzira a m'mayunivesite a MUST, MUBAS ndi Bunda, kuti abwere adzakhale pa mphasa ndi oumba, ayeze dothi lathu, makoko a mtedza, utuchi ndi graphite, kuti tidziwe zimene tingapange tokha m'malo mongotumiza miyala kunja. Ndipo iwe wachinyamata wa kwa Mavwere, ngati agogo ako oumba akadali moyo, usadikire mawa. Pita ukawasenzere dothi, uponde nawo limodzi, ndipo uwafunse chifukwa chake amathira mchenga wochuluka chomwecho.